Mmene mungakonzere mbiri yanu ya ntchito kuti makampani a za makompyuta akuitaneni ku intaviyu

Pali anthu ambiri odziwa bwino ntchito za makompyuta amene amatumiza makalata ofunsira ntchito mwezi ndi mwezi koma osaitanidwa ku intaviyu ngakhale kamodzi. Amatha kulemba mapulogalamu, kulumikiza netiweki, kusamalira maseva kapena kusanthula deta, koma luso lawolo silifika pamaso pa katswiri amene akanalizindikira, chifukwa CV yawo, chikalata chofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene agwirapo, imathera m'njira. Kalata yofunsira ntchito isanafike kwa mkulu wa akatswiri, imayamba yalowa m'pulogalamu imene kampani imasungiramo makalata onse, kenako imaonedwa mothamanga ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene kawirikawiri si katswiri wa makompyuta ndipo ali ndi mulu wa makalata ena omudikira. Malangizo otsatirawa akufotokoza mmene mungakonzere CV, tsamba la LinkedIn ndi zitsanzo za ntchito zanu kuti owerenga atatu onsewa apeze zimene akufuna. Mfundo imene ikubwera m'magawo onse ndi yakuti chilichonse chimene mukunena kuti mumadziwa chikhale ndi umboni umene munthu wina angautsegule n'kudzionera yekha.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kompyuta yokhala ndi intaneti. Foni ingathandize pa zina, koma kukonza CV pa foni kumabisa zolakwika za kaonekedwe zimene zimaoneka msanga pa sikirini yaikulu.
- Zotsatsa za ntchito 10 mpaka 15 za mtundu umene mukufuna. Zikopereni m'fayilo imodzi, chifukwa zimachotsedwa pa intaneti nthawi yofunsira ikatha.
- CV yanu yakale, masatifiketi anu, ndiponso mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya ntchito iliyonse.
- Pulogalamu yolembera monga Microsoft Word, Google Docs kapena LibreOffice Writer, komanso ya matebulo monga Excel kapena Google Sheets.
- Akaunti ya LinkedIn, webusaiti imene anthu amaikapo mbiri yawo ya ntchito, ndi ya GitHub kapena GitLab, kumene anthu amasungako ndi kuonetsako code ya mapulogalamu awo. Zonsezi zimatsegulidwa mwaulere.
- Imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, osati dzina lanthabwala limene munasankha muli pasukulu.
- Chithunzi cha nkhope yanu nokha, chojambulidwa pamalo owala, kumbuyo kwake kopanda zinthu zambirimbiri.
- Munthu mmodzi amene amagwira kale ntchito ya mtunduwu, woti adzawerenge zimene mwalemba ndi kukuuzani zoona mosakunyengererani.

## Gawo 1: Sankhani ntchito imodzi

Mapanga awiri avumbwitsa. CV imene ikunena kuti mwini wake ndi wolemba mapulogalamu, wokonza netiweki, wojambula zithunzi za pa kompyuta komanso wosanthula deta imasiya wowerenga asakudziwa kuti munthuyo amuike pati, ndipo wowerenga wothamanga akapanda kudziwa amangotsegula kalata yotsatira. Musanalembe chilichonse, sankhani dzina limodzi la ntchito monga mmene limalembedwera m'zotsatsa, kaya ndi backend developer, data analyst, network engineer kapena IT support, ndipo sankhaninso msinkhu umene muli, ngati ndinu woyamba kumene, wapakati kapena wodziwa kwambiri.

Kusankha ntchito imodzi sikutanthauza kutaya luso lina limene muli nalo. Kukutanthauza kuti luso lothandiza pa ntchito imene mwasankhayo likhale pamwamba ndipo lifotokozedwe mokwanira, pamene linalo likhale m'munsi, mwachidule. Ngati mulidi ndi njira ziwiri zimene mukuzifuna mofanana, konzani ma CV awiri osiyana, koma dziwani kuti tsamba la LinkedIn ndi limodzi, choncho pamenepo mudzafunikabe kusankha.

Chenjezo: Ambiri amasankha ntchito potengera malipiro ake m'malo motengera umboni umene ali nawo. Ngati simunagwirepo chilichonse chokhudza chitetezo cha makompyuta, kudzitcha katswiri wa chitetezo sikungakuitanitseni ku intaviyu. Yambirani pamene umboni wanu uli wochuluka.

## Gawo 2: Tolani mawu amene olemba ntchito akugwiritsa ntchito

Tsegulani tebulo lokhala ndi magawo atatu. M'gawo loyamba lembani luso kapena chida chilichonse chotchulidwa m'zotsatsa zija, monga Python, SQL, Docker, Linux, Active Directory kapena Power BI. M'gawo lachiwiri lembani kuti mawuwo apezeka m'zotsatsa zingati. M'gawo lachitatu lembani umboni wanu, ndiko kuti ntchito kapena pulojekiti imene munagwiritsirapo ntchito chidacho. Mukamaliza mudzaona kuti pali mawu ochepa amene akubwerezedwa pafupifupi m'zotsatsa zonse, ndipo ena atchulidwa kamodzi kokha. Obwerezedwawo ndiwo ayenera kuoneka m'CV ndi pa LinkedIn, ndipo mzere uliwonse umene mawu ake abwerezedwa kwambiri koma gawo la umboni lili lopanda kanthu ukukuuzani pulojekiti imene muyenera kupanga pa Gawo 6.

Lembani mawuwo ndendende monga alembedwera m'zotsatsa. Olemba ntchito amafufuza m'makalata ndi pa LinkedIn polemba mawu m'bokosi lofufuzira, ndipo munthu amene analemba kuti amadziwa "ma database" mwachisawawa sangatuluke pamene wina akufufuza PostgreSQL. Pamene chinthu chili ndi dzina lalitali ndi lachidule, monga Amazon Web Services ndi AWS, lembani onse awiri kamodzi pamalo oyenera. Samalaninso kalembedwe kake, chifukwa katswiri akaona JavaScript italembedwa ngati mawu awiri, kapena Java ndi JavaScript zikutchulidwa ngati chinthu chimodzi, amayamba kukayikira zonse zotsatira.

Chenjezo: Musawonjezere chida chimene simunachigwiritsepo ntchito chifukwa choti chatchulidwa m'zotsatsa. Mafunso a pa intaviyu amachokera m'CV yanu yomwe.

## Gawo 3: Lembaninso zimene munachita pa ntchito iliyonse

Ili ndilo gawo limene limatenga nthawi yaitali, ndipo ndi limene limasiyanitsa CV yoitanitsa munthu ndi CV yongosungidwa. Anthu ambiri amalemba maudindo amene anapatsidwa, pomwe wowerenga akufuna kudziwa zimene zinasintha chifukwa cha iwo. Udindo ndi wofanana kwa aliyense amene anakhalapo pa mpando umenewo, waulesi ndi wakhama yemwe, ndiye chifukwa chake chiganizo chofotokoza udindo chokha sichinena kanthu za inu.

Pa ntchito iliyonse lembani ziganizo zitatu mpaka zisanu, ndipo chiganizo chilichonse chiyankhe mafunso atatu: munachita chiyani, munagwiritsa ntchito chida chiti, ndipo zotsatira zake zinali zotani. Zitsanzo zili m'munsizi ndi zongopeka kuti muone kamangidwe kake, ndipo inu mudzalemba zanu m'chilankhulo chimene chotsatsa cha ntchitocho chalembedwera.

Chiganizo chofooka chimati: "Ndinali ndi udindo wosamalira database ya kampani." Chiganizo champhamvu chimati: "Ndinakonzanso ma query a SQL ndi kuika ma index pa database ya PostgreSQL, ndipo lipoti la mwezi limene linkatenga mphindi 40 linayamba kutuluka m'mphindi 6." Munthu wothandiza antchito pa mavuto a makompyuta, m'malo molemba kuti ankakonza makompyuta, angalembe kuti: "Ndinkathandiza antchito 120, ndipo ndinalemba script ya PowerShell yokonzekeretsa kompyuta ya wantchito watsopano, ntchito imene kale inkatha tsiku lathunthu." Ziganizo zoterezi zimakhutiritsa owerenga onse nthawi imodzi, chifukwa pulogalamu imapezamo dzina la chida, wa ku ofesi yolemba anthu amamva phindu lake ngakhale sadziwa kuti index n'chiyani, ndipo katswiri amapezamo poyambira funso labwino limene inu mungaliyankhe mosavuta popeza munaligwiradi.

Funso limene limavuta ambiri ndi la manambala, makamaka ngati palibe amene ankayeza zotsatira pa nthawiyo. Sikuti nambala iliyonse iyenera kukhala ya phindu la ndalama. Mungatchule kuchuluka kwa anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo, chiwerengero cha maseva kapena nthambi zimene munkasamalira, kukula kwa deta, kapena nthawi imene ntchito inkatenga kale ndi imene ikutenga tsopano. Fufuzani m'maimelo anu akale ndi m'malipoti amene munalemba, ndipo ngati nambala yeniyeni simukuikumbukira, fotokozani kusinthako ndi mawu okha. Nambala yopeka imaululika msanga pamene wofunsa akuti mufotokoze mmene munaiyezera.

Amene sanalembedwepo ntchito asasiye gawoli lopanda kanthu. Pulojekiti yomalizira maphunziro, nthawi yophunzira ntchito pa kampani, webusaiti imene munapangira bungwe mongodzipereka, zonsezi zilembedwe m'njira yomweyi, bola zitchulidwe moona kuti zinali zotani. Ngati ntchitoyo munagwira pagulu, nenani mbali imene inali yanu, pakuti mawu akuti "tinapanga" amasiya wowerenga akudzifunsa ngati munalemba code kapena munangokhala nawo pa misonkhano.

Chenjezo: Musaulule zinsinsi za kumene munkagwira ntchito, monga mayina a makasitomala amene munalonjeza kusawatchula kapena ndalama zimene kampani sinalengeze. Wolemba ntchito watsopano akaona zimenezi amadziwa kuti mawa mudzaulula zake.

## Gawo 4: Konzani CV kuti pulogalamu iiwerenge bwino

Makampani ambiri akuluakulu amalandirira makalata m'mapulogalamu otchedwa ATS, monga Workday, Greenhouse, Lever ndi Taleo. Pulogalamu yotereyi imatenga mawu a m'CV yanu n'kuyesa kuwagawa m'mabokosi a dzina, maphunziro, ntchito ndi luso, kuti wolemba ntchito athe kufufuza ndi kusanja ofunsira. CV yokongoletsedwa kwambiri imasokoneza kugawa kumeneku, moti dzina la sukulu likhoza kulowa m'bokosi la kampani kapena nambala ya foni kusowa kumene. Tsatani izi:

1. Mawu ayende mzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, osawagawa m'mizati iwiri yoyandikana.
2. Musaike mawu ofunika m'matebulo, m'mabokosi ojambula kapena m'zithunzi.
3. Dzina, imelo, foni ndi malinki zikhale m'kati mwa tsamba, osati m'malo apadera a pamwamba kapena pansi pa tsamba (header kapena footer) amene mapulogalamu ena amawadumpha.
4. Mitu ikhale yodziwika, monga ya ntchito zimene mwagwira, maphunziro, luso ndi mapulojekiti.
5. Yambani ndi ntchito yaposachedwa, ndipo masiku alembedwe mofanana paliponse, mwezi ndi chaka.
6. Sungani ngati PDF yochokera m'pulogalamu yolembera, pokhapokha ngati chotsatsa chapempha fayilo ya Word, ndipo dzina la fayilo likhale ndi dzina lanu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani PDF ija, sankhani mawu onse, muwakopere m'pulogalamu yopanda zokongoletsa monga Notepad. Ngati mawu atuluka osokonekera kapena osatuluka n'komwe, ndiye kuti pulogalamu ya kampani nayonso ikhoza kuvutika nawo. CV yosindikizidwa papepala kenako n'kujambulidwa ndi sikana kapena foni imakhala chithunzi chabe, ndipo imalephera mayeso amenewa.

Kwa woyamba kumene tsamba limodzi ndi lokwanira, ndipo wa zaka zambiri pa ntchito asapitirire masamba awiri. Timizere tosonyeza kuti Python mumaidziwa nyenyezi zinayi mwa zisanu tichotseni, chifukwa palibe amene amadziwa kuti nyenyezi yachisanuyo ikuimira chiyani. Za kuika chithunzi, zaka zobadwa kapena za banja m'CV zimasiyana dziko ndi dziko: olemba ntchito a ku United States ndi ku United Kingdom kawirikawiri sayembekezera zimenezi, choncho funsani kachitidwe ka kumene mukufunsira.

## Gawo 5: Konzani tsamba la LinkedIn

CV imagwira ntchito mukaitumiza, pamene tsamba la LinkedIn limapezedwa ndi olemba ntchito ngakhale inu musanafunsire. Musanayambe kusintha, lowani m'makonzedwe a akaunti ndi kuzimitsa mbali imene imadziwitsa anzanu za kusintha kwa mbiri yanu, makamaka ngati abwana anu apano simunawauze kuti mukufuna kuchoka.

Yambani ndi mzere umene umaoneka pansi pa dzina lanu. Mzerewu umalola zilembo 220 ndipo umaoneka paliponse pamene dzina lanu latuluka, ndiye n'kuwononga malo kulembapo kuti mukufuna ntchito kapena kuti ndinu wolimbikira. Lembanipo dzina la ntchito imene munasankha pa Gawo 1 ndi zida zitatu kapena zinayi zimene zinabwerezedwa kwambiri pa Gawo 2. Gawo la About limalola zilembo 2,600, koma mizere yoyambirira yokha ndi imene imaoneka munthu asanadine kuti aone zambiri, choncho m'mizere imeneyo nenani ntchito yanu, zaka zimene mwaigwira ndi chinthu chimodzi chachikulu chimene munachita. Pa ntchito iliyonse ikani ziganizo zija za pa Gawo 3, dzazani gawo la luso ndi mawu a m'tebulo lanu, ndipo pa Featured ikani malinki a mapulojekiti anu abwino. Sinthani adiresi ya tsamba lanu kuti ikhale dzina lanu lopanda manambala ataliatali, kenako muiike m'CV.

Malo amene mwalemba kuti mumakhala ndi ofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa olemba ntchito amasefa anthu potengera dera. Mbali ya Open to Work, yosonyeza kuti mukufuna ntchito, mwa njira zake ili ndi yoonekera kwa aliyense ndi yoonekera kwa olemba ntchito okha. Amene ali pa ntchito asankhe yachiwiri, komabe adziwe kuti LinkedIn yokha imanena kuti singatsimikize kotheratu kuti a pa kampani imene akugwirako sadzaona.

Chenjezo: Masiku ndi mayina a maudindo pa LinkedIn afanane ndi a m'CV. Kusiyana kwa miyezi ingapo kumene inu mukukuona ngati kochepa, kwa wowerenga kumaoneka ngati mukubisa kanthu.

## Gawo 6: Ikani umboni pamalo oti munthu autsegule

Katswiri akakopeka ndi CV yanu, chotsatira chimene amachita ndi kudina linki, ndipo zimene apeze kumeneko zikhoza kukuitanitsani kapena kukubwezani. GitHub imalola kuika mapulojekiti asanu ndi imodzi pamwamba pa tsamba lanu, koma simukukakamizidwa kudzaza malo onsewo. Mapulojekiti awiri kapena atatu omalizidwa bwino amaposa makumi awiri osiyidwa pakati, ndipo pulojekiti yokopera ku phunziro la pa YouTube imadziwika msanga chifukwa wowerengayo waiona kale kwa anthu ena ambiri. Sankhani vuto lenileni, ngakhale laling'ono, n'kulithetsa mpaka kumapeto pogwiritsa ntchito zida zimene zotsatsa zija zikufuna.

Pulojekiti iliyonse ikhale ndi fayilo ya README imene ikufotokoza vuto limene ikuthetsa, zida zimene munagwiritsa ntchito, njira yoiyendetsera pa kompyuta ya munthu wina, ndiponso chisankho chimodzi kapena ziwiri zimene munapanga ndi chifukwa chake. Mbali yomalizayi ndi imene ambiri amaidumpha, chikhalirecho ndiyo imaonetsa kaganizidwe kanu, kamene ndiko kenikeni kamene wofunsa akufuna kudziwa. Ikanimo zithunzi za sikirini, ndipo ngati n'kotheka pulogalamuyo ikhale ikuyenda pa intaneti kuti munthu ayese yekha. Webusaiti yosafuna seva yakeyake ingaikidwe mwaulere pa GitHub Pages. Mukatsegula repository, ndiko kuti malo osungiramo pulojekiti pa GitHub, yoonekera kwa onse yokhala ndi dzina lofanana ndi la akaunti yanu, README yake imaoneka pamwamba pa tsamba lanu, ndipo ndi malo abwino odzifotokozera mwachidule. Musanatumize linki kwa aliyense, tsatani malangizo a README yanu pa kompyuta ina kuti muone ngati pulogalamuyo ikuyendadi.

Amene ntchito yawo si yolemba mapulogalamu asaganize kuti gawoli silikuwakhudza. Wa za netiweki angamange netiweki yoyeserera mu Cisco Packet Tracer kapena GNS3 n'kulemba chithunzi chake, makonzedwe ake ndi vuto limene anakumana nalo ndi mmene analipezera. Wosamalira maseva angaike makina oyeserera mu VirtualBox n'kusunga ma script ake pa GitHub. Wosanthula deta angatenge deta yoperekedwa kwa onse, monga ya pa Kaggle kapena ya World Bank, n'kufunsa funso lomveka, kuliyankha, ndi kuonetsa zotsatira zake pa Tableau Public.

Chenjezo: Musaike pa GitHub mawu achinsinsi, makiyi a API, amene pulogalamu imalowera nawo m'mapulogalamu ena, kapena fayilo ya .env imene imasunga zinsinsi zoterezi. Pali mapulogalamu amene amasakasaka makiyi otere usana ndi usiku, ndipo kufufuta fayilo sikuchotsa kiyi m'mbiri ya Git, pulogalamu imene imasunga kusintha konse kwa mafayilo, kotero kiyi yoti yaonekera iyenera kuthetsedwa n'kupanga ina. Lembani fayilo ya .gitignore, yotchula mafayilo osayenera kutumizidwa, musanatumize chilichonse. Musaikenso code ya kampani imene munkagwirako, chifukwa kawirikawiri ndi katundu wa kampaniyo ngakhale munailemba ndinu.

## Gawo 7: Ikani masatifiketi oyenera okha

Satifiketi imathandiza kwambiri pa ntchito za netiweki, chitetezo, cloud ndi kuthandiza ogwiritsa ntchito makompyuta, kumene zotsatsa zimatchula CCNA ya Cisco, A+, Network+ ndi Security+ za CompTIA, kapena za AWS ndi Microsoft Azure. Pa ntchito yolemba mapulogalamu, code yooneka imalemera kuposa pepala. Bwererani ku tebulo lanu, ndipo ngati satifiketi ina sinatchulidwe m'zotsatsa zimene munasonkhanitsa, musathamangire kuilipira. Kumbukirani kuti zambiri zimatha mphamvu: CCNA ndi za AWS zimakhala zaka 3 zisanafunike kukonzedwanso, choncho lembani chaka chimene munalandira ndi linki yotsimikizira ngati ilipo. Mapepala osonyeza kuti munaonera phunziro la maola ochepa pa intaneti musawandandalike onse.

## Gawo 8: Fikirani anthu, osati mabokosi ofunsira okha

Kalata imene yabwera ndi mawu a wantchito wa pa kampani yomweyo imawerengedwa mosamala kuposa imene yangogwera m'mulu, ndipo makampani ambiri ali ndi njira yoti antchito awo azitchula anthu oyenera. Lembani mayina a anzanu a kusukulu, aphunzitsi ndi amene munagwira nawo ntchito, muone kumene ali tsopano. Polembera munthu, uthenga ukhale waufupi ndipo unene kuti ndinu ndani, ntchito yeniyeni imene mwaiona ndi linki yake, chifukwa chimodzi chimene mukuonera kuti ikukuyenerani, ndi pempho limodzi lomveka. Uthenga wongopereka moni n'kudikira, kapena wopempha ntchito iliyonse imene ingapezeke, umapatsa wolandirayo ntchito yoganiza m'malo mwanu, ndipo ambiri sauyankha. Pemphaninso anthu awiri kapena atatu amene anaonadi ntchito yanu kuti akulembereni umboni pa LinkedIn, ndipo muwakumbutse pulojekiti imene munagwirira limodzi kuti asalembe mawu oyamikira opanda mfundo.

## Gawo 9: Tumizani, lembani zotsatira, sinthani

Pa ntchito iliyonse tengani mphindi zochepa kusintha chidule cha pamwamba pa CV ndi dongosolo la ziganizo kuti zogwirizana ndi chotsatsacho zikhale patsogolo. Funsirani chotsatsa chikangotuluka, chifukwa makampani ena amayamba kuitana anthu tsiku lotsekera lisanafike. Mafunso a pa fomu, monga a chilolezo chogwira ntchito m'dzikolo kapena zaka za luso, yankhani mosamala ndi moona, pakuti yankho la pamenepo likhoza kukuchotsani munthu asanaone CV yanu. Ngati mukukwanitsa zofunika zazikulu koma mukusowa zina zing'onozing'ono, funsiranibe.

Sungani tebulo la dzina la kampani, ntchito, tsiku, CV imene munatumiza ndi yankho. Pakapita milungu ingapo tebulo limeneli limakuonetsani pamene pali vuto. Ngati palibe amene akuyankha, bwererani ku Gawo 1 mpaka 4, chifukwa mwina mukufunsira msinkhu wosakuyenerani kapena mawu a m'CV sakugwirizana ndi zotsatsa. Ngati akukuimbirani foni koyamba koma osapitirira, CV ili bwino ndipo chofunika kukonza ndi mmene mumafotokozera ntchito yanu pakamwa. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kubisa mawu ndi zilembo zoyera. Ena amakopera chotsatsa chonse m'CV ndi zilembo zoyera kuti apusitse pulogalamu. Pulogalamuyo ikatenga mawu, mtundu wa zilembo umatayika, ndipo wolemba ntchito amaona zonse.

Kundandalika zida makumi atatu. Mndandanda wautali wopanda umboni umachititsa wowerenga kukayikira ngakhale zida zimene mumazidziwadi. Chida chimene sichikupezeka m'chiganizo chilichonse cha ntchito kapena pulojekiti chichotsedwe.

Kusiya zonse m'manja mwa mapulogalamu olemba okha. ChatGPT ndi ena otere angathandize kukonza galamala, koma sadziwa zimene munachita, ndipo amatha kuwonjezera manambala ndi luso zimene mulibe. Werengani mzere uliwonse n'kudzifunsa ngati mungauteteze pamaso pa katswiri.

Malinki osagwira. Yesani linki iliyonse mutatuluka mu akaunti yanu, chifukwa repository yobisika imatseguka kwa inu koma kwa ena imaonetsa ngati kulibe.

Kubisa nthawi imene simunali pa ntchito. Kusuntha masiku kumaululika kampani ikafunsa kumene munkagwira. Lembani mzere umodzi wonena zimene munkachita pa nthawiyo, kaya maphunziro, kusamalira banja kapena ntchito zapadera.

Kusayang'ana imelo ndi mauthenga. Mayitanidwe ena amagwera mu spam, ena amabwera pa LinkedIn, ndipo nthawi yoyankha imakhala yochepa.

Kulipira kuti mulembedwe ntchito. Mbiri yanu ikayamba kuoneka, akuba nawonso amaiona. Wolemba ntchito weniweni sapempha ndalama za intaviyu kapena zogulira zipangizo, ndiponso safunsa za akaunti yanu ya kubanki musanalandire kalata ya ntchito. Olemba mapulogalamu asamalenso ndi mayeso abodza amene amawauza kutsitsa code yachilendo n'kuiyendetsa pa kompyuta yawo, chifukwa njira imeneyi yagwiritsidwapo ntchito kuba mawu achinsinsi. Tsimikizani kuti ntchitoyo ilipo pa webusaiti ya kampaniyo ndiponso kuti imelo yachokera ku adiresi ya kampani musanatsegule fayilo iliyonse.